Ana Atatu a Zelesi ndi Madzi a Mchere

Kalekale, msewu wa phula usanatsikire kuchigwa, pamalo a malonda otchedwa Mtayanjovu panali mayi wina wamasiye dzina lake Zelesi. Ankalima matimati ndi mpiru m'dimba la m'mphepete mwa mtsinje wa Nyansomba, ndipo dimba lomwelo ndilo linalera ana ake atatu: Zuze woyamba, Folomina wachiwiri, ndi Malizani mzime.

Kumtunda kwa mtsinjewo mkulu wina wamalonda anamanga shedi yoyanikamo zikopa za ng'ombe. Zikopazo ankazithira mchere wambiri kuti zisawole. M'dzinja zinalibe kanthu, madzi osefukira ankakokolola zonse. Koma nyengo yozizira ikafika, mtsinje utaphwera ndipo ng'ombe zikuphedwa zambiri anthu atakolola, mcherewo unkasowa kopita.

Zelesi anayamba kuzionera m'dimba. Nthaka inkayera ngati wina wawazapo ufa, matimati n'kupserera asanachite maluwa. Kenako chinawawa chitsime chapamsika. Sopo sankachita thovu, nyemba sizinkapsa, ndipo munthu akamwa madziwo ludzu linkangokula. Anthu anayamba kutunga pathamanda pomwe ng'ombe zinkamwera. Matenda otsegula m'mimba analowa m'nyumba, ndipo chaka china mwezi wa Julaye manda aang'onoang'ono anachuluka. Amodzi anali a Sigele, mwana wa Folomina, amene anali atangoyamba kuyenda.

A kukhonsolo anabwera kudzaona. Mwini shedi anawaonetsa dzenje kuseri kwa mpanda nati, “Madzi athu onse amathera umu.” Iwo anasuzumiramo, nagwedeza mitu, nabwerera.

Folomina sanadikire kuti masiku a maliro athe. Akadali ndi mpango wakuda kumutu, anatunga ndowa ya madzi apachitsime chija, naisenza mpaka kuboma. Amayi ena oferedwa anamutsatira. Anakhala pansi pakhomo la khonsolo, chisanu chikuwaomba, ndipo khansala aliyense wolowa Folomina ankamutambasulira chikho.

“Imwani, bambo. Mwana wanga anakana madzi amenewa, n'chifukwa chake ndinam'patsa a ng'ombe.”

Alonda anawathamangitsa, iwo anabweranso. Potsiriza wapampando wa khonsolo analandira chikho, nalawa, nalavula pamaso pa anthu. Analamula kuti nkhaniyo aifufuzenso. Koma Folomina pobwerera kwawo anapeza katundu wake ali panja. Mwamuna wake anali mlamu wa mwini shedi, ndipo anati sangasunge mkazi wochititsa manyazi abale ake. Folomina anabwerera kwa mayi ake ndi mphasa yokha.

Zuze ndiye ankagwira ntchito kushediko. A kukhonsolo atafikanso, mwini shedi anawatsogoleranso kudzenje lija, ndipo akanabwereranso chimodzimodzi. Zuze anaika pansi chikopa chimene ankapala nati, “Si uko ayi. Tiyeni kuno.” Anawalowetsa m'bango, nachotsa malata akale ndi udzu, ndipo pansi pake panali ngalande yotsikira mumtsinje, m'mbali mwake muli mbuu ndi mchere.

“Wakumba ndani?” anafunsa wapampando.

“Ine ndi anzanga. Ndi mmene anatiuzira.”

Khonsolo inaika lamulo loti shediyo imange maenje a simenti owumitsiramo madzi a mchere, mcherewo n'kumaugwiritsanso ntchito, ndipo kuti itsekedwe mpaka zimenezo zitachitika. Mwini shedi anasankha kusamukira kwina. Amuna ambiri ntchito inawathera, ndipo ena mwa iwo anam'dikirira Zuze panjira yakumsika. Anam'menya mpaka diso limodzi linazima. Kuyambira pamenepo panalibe wom'patsa ngakhale ganyu, pomwe kunyumba kwake kunali ana anayi.

Ngalande inatsekedwa, koma chitsime chinali chowawabe, pakuti matope apansi pake anali atamwa mchere wa zaka zambiri. Khonsolo inalibe makina. Inaitana anthu oti alowe m'chitsimemo, akape madzi, achotse matope, amangenso khoma. Malipiro ake anali thumba la chimanga. Amuna anasuzumira mumdimamo, naona njerwa zodyeka, nabwerera m'mbuyo. Malizani yekha anamanga chingwe m'chiuno.

“Mwanawe, usalowemo,” anatero Zelesi.

“Mayi, nanga tizimwa lamulo?”

Anagwira ntchitoyo masiku onse otsala a nyengo yozizira, miyendo ili m'madzi ozizira omwe ankadya khungu mpaka zilonda. Anzake pamwamba ankakoka ndowa za matope. Atafika pamchenga woyera madzi abwino anatumphuka, ndipo anafuula kuti anzakewo alawe. Tsiku lomwelo, akukwera, khoma linagumuka nim'panikiza mwendo. Anam'tulutsa wamoyo, koma kuchipatala mwendowo anaudula pansi pa bondo. Mtsikana amene anali naye pachibwenzi sanabwerenso kudzam'zonda.

Chaka chotsatira nyengo yozizira inafika, nipita, popanda manda atsopano a mwana. Khonsolo inaika mpopi pachitsimecho, nimanga pambali pake kanyumba ka chipinda chimodzi ka woyang'anira madzi, woti azilawa madzi, aziyendera mtsinje panjinga ndi kulandira malipiro mwezi ndi mwezi. Wapampando anaitanitsa Zelesi.

“Mayi, madzi awa tawapeza chifukwa cha nyumba yanu. Ntchito ndi imodzi, kanyumba n'kamodzi. Ife makhansala takangana mpaka mawu kusasa. Inu ndinu mwabereka anawa, tiuzeni woti tim'patse.”

Zelesi anatuluka muofesimo nalowera kumsika. Nkhani inali itam'tsogolera kale. Amayi apamsika anam'gwira mkono nati, “Folomina akanapanda kusenza ndowa ija, akuluakulu aja akanasuntha? Ana athu bwenzi tikukwirirabe.” Wogulitsa nyama anati, “Kulira kokha sikukanapeza ngalande. Zuze ndiye anatsegula pakamwa, ndipo onani zomwe anam'chita.” Mayi wina woferedwa analavula pansi. “Zuze? Amene anakumba ngalandeyo ndi manja ake, n'kukhala chete mpaka mwana wa mlongo wake kufa?” Okonza njinga anati, “Malizani ndiye anatipatsa madzi enieni okumwa.” Koma wina kumbuyo anayankha kuti Malizani analandira kale chimanga chake, ndipo munthu wa mwendo umodzi angayendere bwanji mtsinje?

Atafika kunyumba anawapeza onse atatu pakhonde, ndipo anawauza mawu a wapampando.

Zuze anayang'ana pansi ndi diso lake limodzi. “Ine sindikupempha, mayi. Koma ana anga dzulo agona ndi njala.”

Folomina anati, “Achimwene, inu ana muli nawo oti agone ndi njala.”

Malizani ankangosisita ndodo yake yoyendera.

Zelesi anawayang'ana mmodzimmodzi. Onse anayamwa bere limodzi. Dimba lake linali lisanachire, sakanatha kusunga ngakhale awiri otsalawo. Anadziwa kuti dzina limene akatchule kukhonsolo lidzamanga nyumba imodzi ndi kugwetsa ziwiri, ndipo wapampando ankadikira yankho msonkhano wotsatira usanachitike. Anatenga khasu napita kudimba, koma sanalime. Anangokhala pamzere, dzanja lili patsaya.

Tsono inu mwamva zonsezi, mukanakhala Zelesi mukanakatchula dzina la ndani: la Folomina amene anadzutsa khonsolo, la Zuze amene anaulula ngalande, kapena la Malizani amene analowa m'chitsime?