Muvi Wong'aluka wa Chamdimba

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi khomo lomwe udatulukira. Uwu wa muvi udatulukira pakhomo pa mayi wina dzina lake Nankhoma, kalekale, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri.

Nankhoma adali ndi khanda kumsana, ndipo mwamuna wake, Chamdimba, adali mkamwini watsopano pamudzipo. Munda umene adapatsidwa udali wakumapeto, wogundana ndi thengo. Chimanga chitangoyamba kukhwima, anyani adatsika m'phiri. Chamdimba ankawagenda, koma iwo ankangokhala pachulu n'kumasenda chimanga chake iye akupenya.

"A Mbewe," adatero Nankhoma, pomuitana ndi mfunda wake, "anyaniwa adziwa kuti mulibe chida. Tikangokhala chonchi, mwanayu adzasiyira bere panjala."

Chamdimba adali asadakhalepo ndi uta wakewake. Choncho iye ndi mkazi wake adawoloka mtsinje kupita kwa a Kanyimbi, mlenje wokalamba amene ankasema mauta.

Maso a Chamdimba adagwa pa uta wakuda, wosalala, wautali ngati munthu. Mtengo wake wogulira udali mbuzi imodzi. Adaunyamula, nayesa kukoka nsinga. Adakoka mpaka mitsempha ya m'khosi idatuluka, koma nsingayo sidafike ngakhale pachigongono.

A Kanyimbi adaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, umenewo ngwa njati. Kodi m'munda mwako mwalowa njati?"

"Ndidzauzolowera, agogo."

"Uzikazolowera anyani akukolola."

Nankhoma adalankhula motsitsa mawu. "A Mbewe, mbuzi tili nayo imodzi yokha, ndipo tidaisungira tsiku la matenda."

Pamenepo mkuluyo adatsitsa patsindwi uta wina wansungwi, waufupi, woderera ndi utsi. Sudali wokongola ngakhale pang'ono. Chamdimba adaugwira monyinyirika, koma atakoka, nsinga idabwera mpaka kukhutu popanda kulimbana nayo.

"Waona? Uta woyamba sasankha ndi maso, amasankha ndi phewa," adatero a Kanyimbi. "Umenewo undipatse tambala, basi."

Adagwirizana. Mkuluyo adawonjezerapo mivi yabango, kenaka adatulutsapo umodzi, wansonga yakuthwa kuposa inzake, naloza kumatako kwake, kumene muvi umakhala pansinga. Padali kamng'alu kochepa ngati tsitsi.

"Uwu usauponye usadaukulunge ndi mtsempha. Ndi ntchito yochepa, koma uichite."

"Ndichita ndikangofika," adayankha Chamdimba.

Atafika sadachite. Adapachika uta ndi mivi pakhoma, natuluka kukauza anzake kuti tsopano ndi mlenje.

Utawo udagwira ntchito yake. Anyani adayamba kuopa munda uja, ndipo tsiku lina Chamdimba adabwera ndi gwape paphewa, apongozi ake nalulutira. Muvi wong'aluka uja ankangousiya pakhoma, n'kumatenga inzake.

Koma Nankhoma ankakhala moyang'anana ndi khomalo akamayamwitsa. Iye ndiye adaona kuti bango likuuma ndi utsi, ndipo kamng'alu kakukwera. Poyamba kadali ngati tsitsi, kenaka kadafika poti chikhadabo n'kulowa.

"A Mbewe, muvi uja ukuyasama."

"Ndauona. Ndikuuyang'anira."

"Maso samanga bango."

"Iii, Nankhoma, mwakhala mlenje liti inu? Mukayamwitsa mwana muzipumitsako maso."

Nankhoma akadatha kuukulunga yekha. Zala zake zinkaluka nkhata ndi kusoka mphasa. Koma masiku amenewo akulu ankati mkazi akakhudza zida za mlenje, nyama zimathawa. Iye adaopa kuti mwamuna wake akadzabwera chimanjamanja, anthu adzaloza iyeyo. Chimene adachita n'chakuti adapempha mtsempha kwa alongo ake, nauviika m'phale, naliika pakhomo penipeni, poti munthu sangatuluke osaliona.

Chamdimba ankalilumpha phalelo potuluka, n'kulilumphanso polowa.

"Mawa," ankatero. "Simukuona kuti sindiugwiritsa ntchito?"

Mivi ina ija idatha pang'onopang'ono. Wina udasochera m'udzu, wina nyani adathawa nawo m'ntchafu, wina udathyoka pamwala. Pakhoma padatsala umodzi.

M'mawa wina, dzuwa litangotuluka, kumunda kudamveka phokoso. Anyani adabwera chigulu, patsogolo pali chinyani chachimuna chaimvi. Chimanga chidali chitauma, chongodikira kukolola. Chamdimba adathamangira m'nyumba, natsomphola uta ndi muvi uja.

"A Mbewe, umenewo ayi!" adafuula Nankhoma. "Mtsempha uli apa, wafewa kale!"

"Ndikakulunga pobwera!"

Adagunda phale lija ndi phazi, madzi n'kutayika, iye ulendo. Nankhoma adabereka mwana kumsana namutsatira.

Adampeza atagwada kuseri kwa chulu. Chinyani chija chidali pafupi, chitakumbatira chimanga. Chamdimba adaika muvi pansinga, nakoka bwinobwino mpaka kukhutu, natsinzina diso limodzi, nasiya.

Thwa!

Nsinga idalowa mumng'alu muja n'kuling'amba bango pakati. Nsonga idagwera patsogolo pake pomwepo, koma kachibenthu ka bango kadabwerera n'kumulowa m'diso lomwe ankapenyera nalo. Anyani adathawa ndi kukuwa kwake, osati ndi muvi.

Asing'anga adachotsa kachibenthuko, bala lidapola, koma disolo silidaonenso.

Anthu obwera kudzazonda ankapukusa mitu. "Ndiye kuipa kwa zotsika mtengo kumeneku. Akadagula uta wambuzi uja, si bwenzi zili chonchi."

Nankhoma adamvetsera mpaka adatopa. Kenaka adaimirira, nachita chimene mkazi sankachita: adatsitsa utawo pakhoma ndi manja ake, nauika pakati pa anthu. Udali wathunthu, nsinga yake ili gwa.

"Taonani, utawu sudalakwe," adatero. "Tidasankha wotiyenera, ndipo udatidyetsa. Chidatilasa ndi chinthu chimene tonse awiri tinkachiona tsiku ndi tsiku. Iwowa ankati mawa, ine ndinkaopa pakamwa pa anthu. Tidangouyang'anira. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso."

Chamdimba, nsanza ili kumaso, adangoti, "Mwanena zoona, Nankhoma."

Atachira adaphunzira kulasa ndi diso lotsalalo, ndi uta womwe uja wa tambala. Mivi yake yonse ankakulunga ndi Nankhoma, atakhala pakhonde anthu akuona, ndipo nyama sizidasiye kugwa.

Mawu a mayiyo ndiwo adasanduka mwambi: muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Tanthauzo lake ndi lakuti vuto silichoka chifukwa choti waliona. Denga likayamba kudontha, mwana akayamba kutentha thupi, mnzako akayamba kukuyankha mozizira, usamangoti ndikuona, ndikuona. Chitapo kanthu kakadali kamng'alu. Pakhomo pa Nankhoma mtsempha udalipo, wofewa kale, ndipo kukulunga sikukadatha nthawi yoposa yoyamwitsa mwana.