Kachidole ka Golide ka Bambo Anga

Tisanamete n'komwe maliro a bambo, akulu awo a Gwedeza anafika kudzalanda katundu. Diso lawo linali pa kachidole ka golide kamene bambo anabwera nako kuchokera ku Amereka wa kummwera.

Bambo anandiuzapo kuti anthu akale kumeneko ankasakaniza golide ndi mkuwa, kunja kowala, mkati mofiira.

"Tengani, bambo aakulu," ndinatero, "koma palani kaye kunsiku, angakakusekeni kutauni."

Anapala ndi mpeni, panafiira.

"Mkuwa uwu. Bambo ako anali wopusa. Khala nako iwe, nonse mwamva."

Ndinapita nako kwa wodziwa zinthu zakale ku Lilongwe, yemwe ataona kufiirako anati n'kakale kenikeni, kodula zedi. A Gwedeza atamva anabwera ali wefuwefu. Azakhali anawayalira mphasa nawafunsa, "Mwadzera mkuwa uja, achimwene?"