Chibangili Chowala M'tsinde mwa Phiri

Panali munthu wina, mlimi wa mbatata, amene ankakhala m'tsinde mwa phiri lotulutsa moto. Anthu a kumeneko anali ndi mwambo wopachika chibangili chamkuwa pakhomo. Phiri likayamba kupuma mpweya woipa, chibangili chinkada, ndipo anthu ankasamuka moto usanafike.

Cha pakhomo pa munthuyu chinali cha malemu mkazi wake. M'mawa uliwonse ankachikwecha ndi phulusa ndi ndimu, akung'ung'udza nyimbo imene mayiyo ankaimba popalira. Chinkawala mwakuti anansi anasiya kupachika zawo. Ankati, "Tiziona cha mkuluyu."

Mwana wake wamkazi, Mwandida, anali kutsidya kwa nyanja. Ntchito yake inali kuwerenga zithunzi za satelayiti, makina ozungulira dziko m'mlengalenga, amene amayeza mpweya wotuluka m'mapiri otere. Tsiku lina anaona mpweyawo ukuchuluka pamwamba pa mudzi wa kwawo. Anadziwitsa aboma, kenaka anaimbira bambo ake.

"Ababa, phiri ladzuka. Chokanipo."

Mkuluyo anaseka chikhakhali. "Iwe, mphuno yako yatalika liti, kununkhiza phiri uli kumeneko? Chibangili cha amako chikuwala ngati dzuwa."

"Mwachikwecha liti?"

"Lero lomwe."

"Tayang'anani m'timizere ta maluwa ozokotedwa pachibangilipo, mosafika chala."

Anachitsitsa, nachipenyetsetsa. M'timizeremo munali bii ngati makala. Anazindikira kuti iye mwini ndiye ankafufuta chenjezo tsiku ndi tsiku, mudzi wonse uli phee kumudalira.

Sanadikire galimoto la boma. Anathamangira kutchalitchi, naliza belu mpaka manja kuwawa. Anthu atasonkhana, anawaonetsa timizere takuda tija. Onse anawoloka mtsinje ndi mbuzi zawo, mbewu zili pamutu, okalamba ali pa njinga.

Patapita masiku anayi, phulusa linakwirira mudzi. Pasukulu pomwe anathawira anaitana mayina, ndipo aliyense anavomera. Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Mkulu uja anavina ngati mnyamata, chibangili kudzanja, foni kukhutu, akufuula, "Mwandida, tamva! Tonse tilipo!"

Abale anga, chimene timachikonda timachipukuta mpaka chimaleka kutiuza zoona. Ndipo amene ali kutali musamuyese mlendo. Maso ake amagona kwawo. Akakuimbirani, musamufunse kuti wanunkhiza bwanji. Tsitsani chibangili, muyang'ane mosafika chala.