Unyolo wa a Meja

Nyumba ya alonda inali ku Al Doha Al Jadeeda, kuseri kwa timashopu ta mafoni. Yakale, yosanja katatu. Amuna makumi anayi, ambiri Amalawi, ankagona mmenemo usana, poti ntchito yawo yolondera maofesi a ku Msheireb inali yausiku. Woyang'anira nyumbayo anali a Overtoun Walije. Onse ankangoti a Meja.

Dzinalo silinali lachipongwe. Kumudzi anali msilikali zaka makumi awiri. Atachoka ku usilikali anapatsidwa ndende kuti aiyendetse. Mu ofesi ya ndendeyo munali chithunzi cha msilikali wachingelezi wa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene nayenso anachoka kunkhondo n'kudzakhala mkulu wa ndende. A Meja anamukonda munthu wakufa kaleyo. Popuma ntchito anamujambula pafoni. Anafika naye ku Doha, pamodzi ndi mfundo imene ankati inali yake: khomo limodzi, kiyi mmodzi, mwini mmodzi.

Tsono nyumbayo inali ndi makomo awiri. Lakumbuyo linali lothawira moto, koma alonda ankazemberapo kukagula tiyi wamkaka wotchedwa karaki. A Meja analimanga ndi unyolo, n'kukhomapo loko.

"Bwana, khomo limeneli ndi fire exit," anatero Bakali, mlonda wachikulire wa ku Mangochi. "Kukhitchini kuli masilinda a gasi atatu. Mukufuna tidzapse ngati mbewa pa lupsa?"

"Ndasunga akuba ndi akupha mazana asanu ndi limodzi. Sanapse ndi mmodzi yemwe. Iwe ndiwe ndani? Khalasi, nkhani yatha!"

Lachisanu limenelo Bakali anamanidwa ofu.

Panali lamulo linanso la kundende: wolowa kwa akaidi salowa ndi makiyi, angamulande. Choncho Lachinayi lililonse masana, polowa kukayendera zipinda, a Meja ankapereka makiyi onse kwa Nedson, dalaivala wa kampani. Nedson ankakhoma geti lachitsulo lakumaso ali kunja. Ankatsekula a Meja akagogoda katatu.

Lachinayi lina mu Julaye, dzuwa likuswa mtengo, a Meja analowa monga mwa nthawi zonse. Geti linalira kumbuyo kwawo. Sanamve foni ya Nedson ikuitana. Anali mudiri, bwana wamkulu: yala, yala, fulumira, ukatenge munthu ku Msheireb. Nedson anati m'mtima, mphindi khumi zokha. Anapita, makiyi ali m'thumba.

A Meja anali pamwamba, akudzutsa anthu ndi kuwawerenga. Anafika pa makumi awiri n'kuima. Fungo. Pulasitiki wopserera. Makina oziziritsa m'chipinda chapansi anali atayaka, ndipo utsi wakuda unkakwera masitepe ngati munthu wodziwa kumene akupita.

Anatsika limodzi ndi chigulu, ena ali pamimba, ena opanda nsapato. Pageti a Meja anagogoda katatu. Zii. Anagogodanso katatu. Kenaka anamenya ndi zibakera, ndi bondo, ndi mphumi yomwe.

"Nedson! Uli kuti iwe?" anakuwa pafoni.

"Ndili pa jamu, bwana. Mafi mushikila, palibe vuto, ndikubwera pompano. Kwatani?"

Foni inawapulumuka m'manja. Mawindo onse anali ndi zitsulo. A Meja anazigwedeza okha sabata yatha, n'kukhutira kuti n'zolimba. Magetsi anathima. Masana anasanduka mdima. Wina anayamba kuitana dzina la mwana wake. Wina akupemphera m'Chiyao. Moto unali pakhoma loyandikana ndi khitchini, ndipo aliyense ankadziwa chimene chinali kuseri kwa khomalo.

Kenaka amuna aja anasiya kukuwa. Anangowayang'ana. A Meja ankawadziwa maso amenewo. Anawaona zaka zambiri, koma nthawi zonse iwo ali kunja kwa zitsulo. Munthu amene ankanjenjemeretsa perete yonse analephera kutulutsa liwu.

"Nonse kumbuyo! Weramani, gwiranani malaya!" Anali Bakali.

"Kuli unyolo," a Meja anatero, akutsokomola.

"Ndikudziwa, bwana. Tiyeni."

Anakwawa. Pakhomopo Bakali anapapasa unyolo, napeza mphete imodzi yokulungidwa ndi tepi wakuda. Anausenda. Anapotokola kamodzi, unyolo uja pansi. Mpheteyo anaicheka ndi sowo milungu itatu yapitayo, tsiku lomwe anamanidwa ofu.

Anakhuthukira panja ngati ngumbi. Posakhalitsa silinda yoyamba inaphulika, nthaka n'kugwedezeka. A Meja, mwa chizolowezi, anayamba kuwerenga. Makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Anawerenganso. Chimodzimodzi.

Ozimitsa moto anam'peza mlonda wosowayo, Ernest, pamasitepe. Anam'tulutsa ali lobodo, akupumira m'mwamba. Mkulu wa ozimitsa motowo anazungulira kuseri, nabwera atanyamula unyolo uja, loko ali lende. Anafunsa m'Chingelezi kuti anamanga khomolo ndani. Maso makumi asanu ndi awiri ndi asanu ndi atatu anali pa munthu mmodzi.

Lero a Overtoun Walije ali m'chitokosi, kudikira mlandu. Ernest akadali m'chipatala, akupuma ndi makina. Loya anawauza mosabisa kuti Ernest akatsikira kulichete, mlanduwo usintha dzina. Foni ija, ndi msilikali wachingelezi uja, zili m'kabati ya apolisi. Chipinda chawo chili ndi khomo limodzi, kiyi mmodzi, ndipo mwini wake si iwo. M'mawa uliwonse amawerengedwa. Kiyi akazungulira, mapazi a mlonda n'kumka nazilala, iwo amadzutsa mphuno kununkhiza mpweya, kuti mwina muli utsi.

Akuluakulu sanalakwe ponena kuti choipa chitsata mwini.