Mbira Ziwiri za M'khola Limodzi

"Mbirazi ndi zamphongo zonse, ndipo zakulira pamodzi," anatero amalume a Chikafa atakhoma msomali wotsiriza. "Khola ndaliika pa miyendo, waya wake ndi wamaso ang'onoang'ono. Udzu muzizipatsira momwemu, ndipo muzisesamo m'mawa uliwonse. Koma musazilekanitse. Mbira ikakhala yokha imalira, ndipo kulirako kumaitana likongwe. Wamva, Mwatitha?"

"Ndamva, amalume."

Kumva kwake kunali kwa pakamwa chabe. Mbira ya Mwatitha inali yotuwa, dzina lake Phulusa. Ya mlongo wake wamng'ono, Lonjezo, inali Chikasu. Pasanathe mwezi Chikasu ananenepa ngati dzungu, pomwe Phulusa anangokhala kamutu ndi makutu. Aliyense wofika pakhomo ankati, "Lonjezo, iwe ndiye mlimi!" Mwatitha nsanje inamudya, tisabise, mpaka ankanyansidwa ngakhale ndi katafunidwe ka Chikasu.

"Amayi, chimbira cha Lonjezo chikumaliza chakudya chonse. Ndikufuna wanga azidya payekha."

"Amalume ako anati chiyani? Usazilekanitse. Phulusa akula nthawi yake ikakwana."

Loweruka masana, amayi atapita kuchigayo, Mwatitha anatsegula khola n'kukulunga Phulusa m'chitenje.

"Achemwali, amalume anakaniza!" anatero Lonjezo.

"Tseka pakamwa! Ukufuna chizinenepa chako chokha eti?"

Anatsetsereka yekha kudimba, kufupi ndi bango, kumene kunali kholowa wanthete. Anamuika pansi Phulusa. Koma Phulusa sanadye. Anayang'ana uku ndi uku kufuna mnzake, kenaka anayamba: kwii! kwii!

"Idya, chitsiru iwe!"

Kwii! Kwii! Kwiii!

Mbalame zinaleka kulira. Udzu unagwedezeka patali, chonsecho kunalibe mphepo. Unagwedezekanso, tsopano pafupi ndi mzere wa mbatata. Mwatitha anafuna kutola mbira yake, koma inathawira pansi pa masamba ikulirabe. Ndipo pakati pa masambawo panatulukira kamutu kosongoka, maso ofiira, thupi lalitali lokwawa ndi mimba.

"Mayo! Choka! Choka!"

Anaponya chibuluma, n'kuphonya. Likongwe analumpha kamodzi kokha, n'kumugwira Phulusa pakhosi. Kulira kunaduka. Bango linapanga phokoso pang'ono, kenaka zii. Mwatitha anatsala ndi chitenje chokhala ndi tiubweya totuwa.

Kunyumba Lonjezo sanamunyoze, ndipo zimenezo zinamuwawa koposa. Chikasu anaima pa waya tsiku lonse akuitana mnzake. Anakana udzu, anakana madeya, anakana ngakhale makoko a nthochi amene Mwatitha anam'patsa ndi dzanja lake akumupepesa. Mtsikana amene ankalakalaka kuona Chikasu atawonda anamuonadi akuwonda, ndipo ankalira kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lachisanu m'mawa, Lonjezo anam'peza Chikasu atauma pakona.

Anamunyamula m'manja, n'kuyang'ana mlongo wake. "Achemwali, nanga wangayu anakulakwirani chiyani?"



Ana inu, wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Akulu akakuletsani chinthu, musayambe mwafunsa nsanje yanu ngati ikuvomereza. Idzakuphetsani chanu, n'kuphetsanso cha m'bale wanu wosalakwa.