Zingwe za Namakhwa

Panali munthu wina wa pachilumba, dzina lake Namakhwa, amene anali ndi kabwato ka thanga. Mlongoti wa bwatolo unkaima ndi zingwe ziwiri, china kumanja, china kumanzere. Koma liuma la munthu ameneyu, abale! Akaona chinthu chili phee, mutu unkamuwawa.

Chaka cha njala anawoloka nyanja ndi mkazi wake kukasuma kumtunda. Anagwira ganyu mpaka manja kuchita matuza, napeza chimanga choti ana adye kufikira nthawi yokolola. Tsiku lobwerera anapakira matumba mamawa, n'kukweza thanga.

Mphepo inawomba kuchokera kumanja. Chingwe cha kumanjako chinakungika kuti gwa, cha kumanzere n'kukhwepa pang'ono. Ndi mmene zimakhalira: mphepo ikakankha thanga, chingwe china chimasenza, chinzake chimapuma. Namakhwa ankazidziwa bwino zimenezi, koma mtima unamukanika.

"Taonani ulesi!" anatero. "Chinzake chili pantchito, ichi chikungogwedera."

Analowetsa kamtengo m'chingwe chokhwepacho, n'kupota mpaka chinakungika.

"Bambo a Esime, chisiyeni," anatero mkazi wake. "Tikakhota chigwira chokha."

"Inu kapani madzi. Za bwato mundisiyire ine."

Anakhota, mphepo n'kubwera kumanzere. Tsopano cha kumanja ndicho chinakhwepa. Anachipotanso. Kukhota kulikonse, kupota. Aa, munthu wosatopa ndi zopusa! Iye ankangoyang'ana m'mwamba, osaganiza kuti zingwe zonse ziwiri zikukokera mlongoti pansi, ndipo tsinde lake lakhala pa thabwa limodzi. Thabwalo linayamba kulira. Mkazi anamva, iye sanamve.

Funde limodzi linakwana. Phwaa! Tsinde linaboola thabwa, madzi n'kuyamba kutumphuka ngati kasupe. Anatseka ndi malaya, osatheka. Kuti bwato lisamire, Namakhwa anaponya matumba m'nyanja ndi manja ake omwe, limodzilimodzi, mkazi akulira. Asodzi ndiwo anawakokera kugombe.

Ana anali ataliona thanga lidakali kutali. Anathamangira kudooko atanyamula malichero.

Ndiye inu amene mwakhala panonu, ndikunena ndi inu, musayang'ane mnzanu. Mkazi wachoka kumunda, wangokhala pamkeka, inu mwayamba kale: "Madzi mulibe m'nyumba muno!" Mwana wangoika khasu pansi, mwamutuma kwina. Ndatopa nako kukuuzani. Amene mwamuona akupuma si waulesi ayi, mphepo yake ikubwera, ndipo adzasenza. Mukakunga aliyense nthawi imodzi, chimene chimathyoka ndi thabwa limene nonse mwapondapo. Tsiku limenelo muli pakati pa nyanja, ndipo ana akudikira kudooko ndi malichero.