Mayi Amene Anakaneneza Mnzake ku Inshuwalansi

Abale anga, ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre kunali mayi wina wamasiye, wosoka zovala. Anali ndi makina awiri osokera, ena opondera, ena amagetsi. Anali ndi filiji, mipando ya sofa, ndi kabati yodzaza nsalu za makasitomala. Chilichonse m'nyumbamo anachipeza ndi singano.

Anali ndi mwana mmodzi, Lameki, munthu wamkulu kale. Lameki anali atangotuluka kundende, kumene anakhala zaka ziwiri chifukwa chogulitsa simenti ya abwana ake. Anabwerako wofatsa, atadziwa ukalipentala, ndipo ankadya atayang'ana pansi.

Mwezi wa Okutobala, nyumba ina pamzere wawo inapsa ndi moto wa magetsi masanasana. Eni ake anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Sabata yotsatira kunabwera anthu a kampani ya inshuwalansi, akuyenda khomo ndi khomo. Ankafotokoza kuti ukamalipira pang'ono mwezi ndi mwezi, katundu wa m'nyumba akapsa kapena akabedwa, kampani imakubwezera. Mayi uja analandira fomu.

Analemba dzina. Analemba katundu yense, mpaka simbi. Kenaka anafika pa funso lakuti: kodi m'nyumba mwanu mukukhala munthu amene khoti linamupezapo wolakwa?

Cholembera chinaima. Sanafunse munthu aliyense tanthauzo la funsolo. Anangoti mumtima, "Akadziwa, andikana." Anayang'ana makina ake. Anayang'ana pawindo, kumene Lameki ankapala chitseko cha bafa. Fomu inakhala pa makina masiku atatu.

Tsiku lachinayi anamuitana. "Lameki, amalume ako ku Mchinji akusowa wowathandiza kumunda. Upite ukakhaleko."

"Mpaka liti, amayi?"

"Tidzaona."

Lameki sanatsutse. Anaika sowo ndi hamala m'thumba la saka, nakwera basi. Mayi anatenga cholembera, nalemba kuti "ayi". Anadziuza kuti sananame, pakuti m'nyumbamo munalibedi munthu wotero. Kampani inamulandira.

Tsono kuseri kwa mpanda kunkakhala mayi Chingwalu, ogulitsa mandasi. Amuna awo anakhalapo kundende zaka zinayi chifukwa cha feteleza amene anasowa pamalo pamene ankalondera. Chilobwe yense ankaidziwa nkhaniyo.

Tsiku lina pampopi, mayi Chingwalu anati, "Amake Lameki, ifenso inshuwalansi ija yatheka. Kalata yabwera dzulo."

Mayi wosoka uja anamwetulira ndi mano okha. Ndowa yake inadzaza mpaka kusefukira, iye osaona.

Kuyambira pamenepo nsanje inalowa m'nyumba mwake n'kukhala pa mpando wa Lameki. M'mawa ankamva bambo Chingwalu akuwaza nkhuni zophikira mandasi. Masana ankawaona akutsitsa thumba la ufa pa njinga. Ankamva awiriwo akuseka kuseri kwa mpanda, ndipo kuseka kwawo kunkamulowa ngati singano pansi pa chikhadabo. Kwake kunkangolira makina. Chitseko cha bafa chinatsamira pakhoma, chopalidwa mbali imodzi.

Ankati mumtima, "Ine ndinachotsa mwana wanga wobala ndekha. Iye wakuba wake ali pakhonde akumwa tiyi, pepala nalonso ali nalo. Zonse ziwiri zikhale zake?"

Anasiya kugula mandasi a mnzake. Kutchalitchi anasamukira benchi ina. Tsiku lina, akumvetsera zoseka za kuseri, anadula molakwika nsalu ya diresi la ukwati wa mwana wa eni. Ndipo pamene nsanje inakhwima, inamupatsa yankho limene ankalifuna: anthu amenewa ananama pa fomu. Palibenso njira ina.

Lolemba anavala chitenje chake chabwino, nakwera minibasi kupita m'tauni. Ku ofesi ya kampani ija anapeza mlembi, mayi wachikulire wa magalasi. Mayi wosoka uja anakhala pansi, natsitsa mawu.

"Ndabwera kudzakuchenjezani. Pali banja lina limene mwalilandira, koma mwamunayo ndi wotuluka kundende."

Mlembi anavula magalasi. "Mayi, za makasitomala ena sitikamba. Koma dziwani kuti funso limenelo si lothamangitsira anthu. Wolemba 'inde' timamufunsa kuti mlandu unali wotani, unachitika liti, pano akuchita chiyani. Ambiri timawalandira. Amene amatipweteka mutu ndi obisa."

Mayi wosoka uja anatuluka osatsanzika bwino. Njira yonse m'minibasi mawu amenewo ankamubwerera: ambiri timawalandira.

Atatsika, anapeza mayi Chingwalu akukazinga mandasi pa mbaula. Sanathe kudzigwira. "Anzanga, pa funso lija la khoti, munalembapo chiyani?"

"Tinalemba 'inde', nanga n'kulembanji? Bambo anapita okha kukafotokoza zonse, atatenga kalata ya kumene akugwira ntchito panopa. Anatiwonjezera pang'ono zolipira, basi." Anatembenuza mandasi m'mafuta, nawonjezera kuti, "Kodi Lameki abwera liti? Bambo amamufunsa. Akuti pali ntchito ya mawindo kwa abwana awo."

Mayi wosoka analowa m'nyumba, nakhala pakati pa katundu wake. Makina analipo. Filiji inalipo, ikulira monga mwa nthawi zonse. Zonse zinali zotetezedwa. Anatenga foni, naimbira Lameki.

"Lameki mwanawe, bwera kunyumba."

Lameki anayankha ali kumunda.

"Amayi, fomu ija ndinaiona pa makina. Ndinadziwa chimene ndinkapitira ku Mchinji."

"Ndinalakwa, mwana wanga."

"Ndamva, amayi. Tikakolola ndidzabwera kudzakuonani."

Anati kudzakuonani. Sanati kudzakhala. Mayi uja anamva kusiyana kwake, ndipo analira monga sanalirepo chimwalirire mwamuna wake.

Abale anga, tamverani tanthauzo lake. Khomo limene analowera mayi Chingwalu linali lotsegukira onse awiri. Mmodzi anafika ndi manyazi ake m'manja, nati, "Ife ndife otere," ndipo analandiridwa. Winayo anaopa, nakonza nyumba yake kuti ioneke yoyera, ndipo kuyera kumeneko anakugula ndi mwana wake. Ataona mnzake walandiridwa osataya kanthu, mtima unamupweteka. M'malo mofunsa kuti walowera pati, anapita kukamuneneza.

Umu ndi mmene timachitira pamaso pa Mulungu. Timaona munthu amene mbiri yake tikuidziwa akuimba m'kwaya, akulandira mgonero, nkhope ili mbee, ndipo timati, "Ameneyu wanamiza Mulungu." Sananamize. Anaulula. Ndipo chimene munthu waulula kale kwa Ambuye, woneneza alibe nacho ntchito. Ukathamanga nayo nkhani yake, ukapeza kuti mwini wake anafika kale, anaifotokoza yekha, ndipo anakhululukidwa.

Choncho ngati chisomo chimene mnzako walandira chikukuwawa, usayang'ane kuseri kwa mpanda. Dzifunse chimene iwe unachotsa m'nyumba kuti ulembe "ayi". Mulungu sanakupemphe nsembe imeneyo. Iye amangofuna "inde" wako, ndipo akumudikira lero, amene unawathamangitsa asanazolowere kukhala kutali.